Mlandu wa Chigamba

Pali mawu ena m'Chichewa amene munthu akangowamva amagwetsa nkhope, chonsecho mawuwo sadalakwe kanthu. Amodzi mwa mawu oterewa ndi akuti chigamba. Mnyamata wasukulu wa ku Ulongwe kapena ku Ntaja angalolere kujomba sabata yathunthu kusiyana ndi kukaima pamzere m'mawa atavala kabudula wa chigamba kumbuyo. Mayi amene adasokera ana ake chofunda polumikiza tizidutswa ta nsalu amakachiyanika kuseri kwa nkhokwe kumene alendo safikako, pamene bulangete logula kusitolo, ngakhale litayamba kale kuyoyoka, amaliyanika pabwalo kuti aliyense wodutsa alione. Palibe mfumu imene idalamula zimenezi. Palibenso tchalitchi kapena mzikiti umene umaphunzitsa zotere. Komabe mlandu udaweruzidwa kalekale m'mitima ya anthu, woimbidwa mlanduyo asanapatsidwe mpata wolankhula: akuti chigamba ndi mbendera ya usiwa. Chiweruzo chimenechi n'chokhota, ndipo maboma a Machinga ndi Balaka akuchilipira modula kuposa momwe eni ake akudziwira.

Ndi bwino kuyamba ndi kulongosola chinthu chimene chaimikidwa pabwalo la milanduchi. Aliyense amene adayendapo m'tauni ya Balaka, pa Liwonde, pa Nsanama kapena pa Phalula adawaona atelala atandandalika makina awo m'makonde a masitolo. Telala akamadula diresi kapena malaya, nsalu siithera m'chovalacho ayi. Pamatsala tizidutswa: ta pakhosi, ta m'khwapa, ta m'mphepete. Pofika madzulo pansi pa makina pamakhala mulu wa maluwa a zitenje a mitundu yonse, ndipo kawirikawiri mathero a muluwo ndi tsache, dzala ndi moto. Koma alipo amayi ndi abambo ena, ochepa ndithu, amene amatola tizidutswa timeneti, n'kuphatikiza ndi mbali zolimba za zitenje zakutha ndi malaya ong'ambika, n'kusoka chofunda chathunthu. Ena amapanga zikwama, ena zopondera pakhomo, ena zoyala pamipando. Nkhani ino ikunena makamaka za chofunda, poti ndicho chimafuna luso lalikulu, ndiponso ndicho chimabisidwa kwambiri.

Chofunda cha zigamba chosokedwa bwino chimakhala ndi nsalu zitatu zosanjikizana. Pamwamba pamakhala ya tizidutswa tolumikizana tija. Pansi pamakhala nsalu yaikulu, kaya ndi zitenje ziwiri zolumikiza. Pakati pamalowa chotenthetsa: bulangete lakale lopyapyala, majuzi akutha, kapena thonje lochotsa njere loyalidwa mosamala. Kenaka wosoka amabaya singano kudutsa zitatu zonsezo, mzere ndi mzere, kuti zam'kati zisaunjikane mbali imodzi pochapa. Chimene chimateteza munthu ku mphepo si kulemera kwa nsalu monga ambiri amaganizira, koma mpweya umene umatsekeredwa pakati pa nsaluzo, umene sulola kuti kutentha kwa thupi kuthawe msanga. N'chifukwa chake nsalu zopyapyala zingapo zosokedwa pamodzi zimatha kuposa nsalu imodzi yochindikala.

Tsono amene amati ntchitoyi ndi ya mbuli ayesepo masamu ake. Chofunda cha munthu wamkulu chikhale cha mamita 2 m'litali ndi mita imodzi ndi theka m'lifupi. Ngati kachidutswa kalikonse kali ka makona anayi, ka masentimita 10 mbali iliyonse, pafunika mizere 15 ya tizidutswa 20, ndiye kuti tizidutswa 300. Koma wodula wanzeru sadula masentimita 10. Amadula 12, poti sentimita imodzi mbali iliyonse imadyedwa ndi msoko. Akaiwala zimenezi chofunda chimatuluka chachifupi, mapazi a mwini wake n'kugona panja usiku wonse. Akalakwitsa ndi theka lokha la sentimita pa kachidutswa kalikonse, pofika kumapeto kwa mzere amakhala atasochera ndi masentimita 10, ndipo makona sakumananso. Pamwamba pa masamuwo pali ntchito ya maso ndi ya nzeru: nsalu yofiira ikhale pati kuti isameze inzake yobiriwira, yakuda ibwere kangati kuti chofunda chisaoneke ngati cha pamaliro, ya thonje isalumikizidwe ndi ya nayiloni chifukwa zimafupika mosiyana zikachapidwa. Mayi amene amachita zonsezi m'mutu, wopanda pepala ndi pensulo, amalimbana ndi masamu omwewo amene ophunzira a Fomu 2 amatuluka nawo thukuta m'kalasi. Kusiyana kwake n'kwakuti wophunzira akalakwa amangolandira mtanda wofiira m'kope, pamene mayi uja akalakwa ana amagona ndi mphepo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kunyoza kumeneku kukuchitika m'dera limene lidadziwana ndi ulusi kalekale. Pamene David Livingstone ankayenda m'chigwa cha Shire mu 1859, chaka chimene adafika ku nyanja ya Chilwa mu Epulo ndi ku nyanja ya Malawi mu Seputembala, adapeza Amang'anja akulima thonje, kulipota ndi kuomba nsalu m'midzi mwawo. Adali ndi mitundu iwiri yodziwika bwino: thonje kaja, la makolo, la ulusi waufupi koma wolimba, ndi thonje manga, lochokera kunja. Nsalu yawo, yotchedwa machila, inkagulitsidwa mpaka kuchigwa cha Zambezi. Ngakhale mawu akuti njinga, amene lero akutanthauza chokwera cha anyamata a kabaza odzaza misewu ya Balaka, kale ankanena kachipangizo kopotera thonje. Amene sankaomba nsalu ankamenya makungwa a mombo mpaka kufewa n'kusanduka nyanda. Ndipo pamene amalonda Achiyao ankabwera ndi merikani ndi kaniki kuchokera kugombe la nyanja ya mchere, nsalu idali chuma chimene chinkagula minyanga ya njovu, ndipo mwatsoka ngakhale anthu. Masiku amenewo munthu wotaya kachidutswa ka nsalu kudzala akadayesedwa wamisala.

Nsalu zotsika mtengo za kunja zidapha kuomba kwa m'midzi pang'onopang'ono, koma thonje silidachoke. Mpaka lero boma la Balaka, limene lidapatulidwa ku Machinga mu 1998, limawerengedwa pakati pa maboma olima thonje kwambiri m'Malawi pamodzi ndi Chikwawa ndi Salima. Mlimi wa ku Utale kapena ku Phalula amalima, kupalira, kupopera mankhwala kangapo konse, ndi kutola thonje padzuwa loswa mtengo. Thonjelo likachotsedwa njere, lambiri limatuluka m'dziko lisanapotedwe n'komwe. Fakitale ya David Whitehead and Sons, imene idatsegulidwa ku Blantyre mu 1967 n'kuveka Amalawi kwa zaka zambiri, idafooka m'zaka za m'ma 1990 mpaka idagulitsidwa mu 2003. M'zaka zomwezo mabelo a kaunjika adasefukira m'misika yonse. Ulendo wake ndi wodabwitsa: thonje lichoka ku Balaka lili loyera mbee, likapotedwa ndi kuombedwa kutsidya kwa nyanja, likasokedwa, likavalidwa ndi mlendo mpaka kutopa nalo, kenaka chovala chonga chomwecho chibwera m'belo kudzagulidwa ndi mwana wa mlimi yemwe uja.

Apa ndi pamene pagona chinyengo chachikulu cha onyoza chigamba. Iwo amati sangafunde zotsala. Nanga kaunjika n'chiyani? Kodi si zotsala za anthu a ku Ulaya ndi ku America, anthu osadziwika maina, amene adavala, natuluka thukuta, nataya? Munthu yemweyo amene amaipidwa ndi chofunda chosokedwa ndi zitenje za mayi ake omubala amagwada pafumbi tsiku la msika, kulimbirana ndi anzake jekete la munthu amene sadzamuona mpaka kufa. Zafika poti achinyamata amasankha dala buluku la jinzi long'ambika m'maondo, nalipira ndalama zambiri chifukwa cha kung'ambikako, poti akuti ndiyo fasho. Chibowo chochokera kunja n'chaulemu, koma chigamba chotseka chibowo, chosokedwa ndi dzanja la pakhomo, n'chamanyazi! Ndipo alendo amene amabwera kudzaona njovu ndi mvuu kunkhalango ya Liwonde kapena kudzasambira ku Mangochi amagula zikwama ndi mabuluku a zigamba za zitenje, navala monyadira, eni nsalu akuwaseka chamumtima. Woyenera kusekedwa ndani pamenepa?

Kutero si kunena kuti kaunjika athetsedwe mawa. Kaunjika waveka amphawi amene kale ankayenda ndi nsanza, ndipo akudyetsa mabanja ambiri. Komanso kulimbana naye si masewera: maiko a kum'mawa kwa Africa atagwirizana mu 2016 kuti aleke kuitanitsa zovala zoterezi, dziko la America lidaopseza, ena adabwerera m'mbuyo, ndipo Rwanda, amene adaumirira, adalandidwa mu 2018 mwayi wogulitsa zovala zake ku America mopanda msonkho. Imeneyo ndi nkhondo ya maboma. Nkhondo ya chigamba ndi yaing'ono. Siifuna lamulo lochokera ku Nyumba ya Malamulo. Ikungofuna kuti anthu aleke kuchita manyazi ndi ntchito ya manja awo.

Kumaiko ena nkhondoyi adaipambana kale. Ku Alabama, m'dziko la America lomwelo, kuli kamudzi kotchedwa Gee's Bend, kozingidwa ndi mtsinje mbali zitatu. Anthu ake ndi zidzukulu za akapolo a ku Africa amene ankalima thonje m'minda ya azungu. Nyumba zawo zamatabwa zinkalowa mphepo, ndalama zogulira mabulangete padalibe, choncho amayi ankang'amba mabuluku akutha a amuna awo ndi matumba a ufa n'kusoka zofunda. Cholinga chawo chidali choti ana agone, osati choti wina adzayang'ane. Mu 1966 amayi a m'deralo adayambitsa bungwe lawo logulitsira ntchitoyi, lotchedwa Freedom Quilting Bee. Mu 2002 zofunda za ku Gee's Bend zidapachikidwa m'nyumba zazikulu zoonetsera zaluso ku Houston ndi ku New York, ndipo akatswiri adaziika pamzere umodzi ndi zojambula za amisiri otchuka. Mu 2006 zithunzi za zofunda 10 mwa zimenezi zidasindikizidwa pamasitampa a positi a dzikolo. Buluku la kumunda lidafika pasitampa! Nsaluzo sizidasinthe. Ulusi udali womwewo, madontho a thukuta adali pomwepo. Chimene chidasintha ndi malo okha: chofunda chidachoka pabedi n'kupachikidwa pakhoma, pamene anthu adakakamizika kuima ndi kuchiyang'ana.

Ku India nako, m'chigawo cha Karnataka, kuli anthu akuda otchedwa Asiddi, amene makolo awo adatengedwa ukapolo kuchokera kum'mawa kwa Africa, ena kudzera m'manja mwa Apwitikizi a ku Mozambique ndi Goa. Amayi awo amasoka zofunda za zigamba zotchedwa kawandi, kuyambira m'mphepete kulowa pakati, ndipo zimenezi nazo zafika m'nyumba zoonetsera zaluso za kumaiko akutali.

Wina angati zonsezi n'zakutali. Chabwino. Billie Zangewa adabadwira ku Blantyre mu 1973, ndipo adatchukira ku Johannesburg. Luso lake ndi lotani? Amadula tizidutswa ta nsalu ya silika, natisoka pamanja, kamodzikamodzi, mpaka patatuluka chithunzi cha mayi ali kukhitchini kapena akulera mwana. Ntchito zake zaonetsedwa ku Paris, ku London, ku New York ndi ku San Francisco. M'Chichewa chosapsatira mawu, mayi ameneyu ndi wosoka zigamba. Kusiyana kwake ndi mayi wa ku Nayuchi amene amabisa chofunda kuseri kwa nkhokwe sikuli m'singano ayi. Wina adapeza khoma ndi anthu oyang'ana, dzina lake n'kulembedwa pansi pa ntchito yake. Winayo adapeza oseka.

Palinso china chimene bulangete la kusitolo silingachite ngakhale litakongola chotani: silikumbuka kanthu. Chofunda cha zigamba ndi kaundula wa banja. Apa pali chitenje chimene mayi adaberekera mwana woyamba, apo pali yunifolomu ya kupulaimale, pakona pali malaya amene malemu agogo adabwera nawo kuchokera kumigodi ya ku Joni m'nthawi ya Wenela. M'chofunda chimodzi nsalu ya nkhope ya Kamuzu imene amayi ankavinira ingagone moyandikana ndi nsalu yachikasu ya chisankho cha 1994 osakangana, chinthu chimene eni nsaluzo chidawakanika. Anthu a ku America adaizindikira mphamvu imeneyi pamene Edzi idayamba kupulula abale awo. Pa 11 Okutobala 1987 adayala pabwalo lalikulu la mumzinda wa Washington nsalu 1,920 zolumikizana, iliyonse yaikulu ngati manda a munthu, iliyonse yokhala ndi dzina la womwalira losokedwa ndi abale kapena abwenzi ake. Ku Malawi matendawa adapezeka koyamba mu 1985, ndipo m'zaka zotsatira midzi ya Machinga ndi Balaka idakumba manda osaleka monga midzi ina yonse. Zovala za omwalirawo zidagawidwa pambuyo pa maliro monga mwa mwambo, zidavalidwa, zidatha, zidasanduka zophulira miphika. Ana amasiye ambiri adakula opanda ngakhale chithunzi cha mayi wawo. Kachidutswa kamodzi ka chitenje chake, kosokedwa m'chofunda, kakadakhala cholowa chimene wachibale wadyera sakadachilanda.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo n'zoyenera kuzimva. Amati bulangete la ku China n'lotsika mtengo, pamene chofunda cha tizidutswa 300 chimadya masabata. Nanga mayi amene amadzuka m'bandakucha kukatunga madzi, kupita kumunda ndi kukatola nkhuni, nthawi yosoka aitenga kuti? Amatinso kutamanda zigamba ndi kukometsera umphawi, ntchito ya anthu okhuta amene iwo eni amagona m'mabulangete aubweya. Mfundo yachiwiriyi ili ndi mano. Palibe ulemerero mu usiwa, ndipo wonena kuti mwana wogona m'thumba la feteleza ndi wodala, ameneyo ndi wonama. Komatu mwana ameneyo alipo. Alipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene mwera umaomba kuchokera ku Chilwa ndi kuzizira kumatsika m'mapiri a Chikala, ndipo makolo ake ndalama ya bulangete lotsika mtengo lija alibe. Iye sakusankha pakati pa chigamba ndi ubweya; akusankha pakati pa chigamba ndi mphepo. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, Machinga ali m'gulu la maboma okhudzidwa, chimodzi mwa zinthu zimene anthu ankalirira m'misasa chidali zofunda, ndipo adayenera kudikira magalimoto kuti abwere nazo kuchokera kutali. Kunena za nthawi, ntchitoyi si ya tsiku limodzi. Ndi ya m'chilimwe, zokolola zitalowa m'nkhokwe, mzere umodzi lero, wina mkuja. Akulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndiponso ndani adanena kuti ndi ya mayi yekha?

Funso limeneli lipite kwa anyamata a m'sukulu za sekondale, amene amakwinya nkhope akamva za singano. Oomba nsalu a m'chigwa cha Shire aja adali amuna. Atelala ambiri a m'makonde a Balaka ndi Liwonde ndi amuna. Pakati pa Ayao, bambo wachikulire wokhala patsinde pa mango akusoka timaluwa ta mzuli sadayesedwepo wachikazi. Msilikali amasoka yekha batani lake likathothoka. Maganizo akuti singano ndi ya akazi adakula ndi sukulu za amishoni, zimene zinkapatsa atsikana kusoka ndi kuchapa, anyamata ukalipentala ndi kumanga. Pambuyo pake, m'nthawi ya chipani chimodzi, alangizi a zapakhomo ndi bungwe la Chitukuko cha Amayi m'Malawi, lokhazikitsidwa mu 1985, adaphunzitsa amayi ambiri kusoka ndi kuluka. Ntchitoyo idali yabwino, koma idavala nsalu ya chipani, ndipo zinthu zitasintha mu 1994 zikuoneka kuti ambiri adataya singano pamodzi ndi khadi. Phunziro la zovala ndi nsalu lilipo ndithu m'ndondomeko ya maphunziro a sekondale, koma limaphunzitsidwa m'sukulu zowerengeka, ndipo ophunzira ambiri amaliyesa pothawira anthu olephera sayansi. Chifukwa chimene chimaperekedwa n'chakuti makina osokera ndi odula. N'zoona. Koma chofunda cha zigamba sichifuna makina. Chimafuna singano, ulusi, sizasi ndi thumba la zotsala, limene telala angapereke mosangalala poti wapulumuka ntchito yosesa.

Chimene chikusowa kwenikweni ndi khoma lija. M'dziko la Britain osoka zofunda zoterezi ali ndi bungwe lawo limene lidakhazikitsidwa mu 1979, ndipo ku Birmingham kumachitika chionetsero cha pachaka kumene anthu amalipira pakhomo kuti akaone zigamba. Mliri wa Covid-19 utatseka maholo mu 2020, mabungwe ambiri otere sadagonje. Adajambula ntchito za mamembala awo n'kuzionetsa pa intaneti. Anthu amenewa si amphawi, mabulangete ali nawo, ndipo ena amagula nsalu yatsopano n'kuiduladula dala kuti apeze tizidutswa. Chimene amafuna n'chakuti ntchito ya manja ionedwe ndi kuweruzidwa ndi odziwa. Ku Machinga ndi ku Balaka chizolowezi choonetsa ntchito poyera si chachilendo. Pazionetsero za ulimi mbuzi yonenepa imapatsidwa ulemu, dzungu lalikulu limaomberedwa m'manja, mlimi wa chimanga amatchulidwa dzina pamaso pa mafumu. Osema ziboliboli a m'mbali mwa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde sabisa mipando yawo kuseri kwa nyumba. Amaindandalika poyera, ndipo poti aliyense amaona ntchito ya mnzake, luso lawo lidakula mpaka kudziwika dziko lonse. Anthu a ku Balaka amaidziwa bwino mphamvu ya bwalo: gulu la Alleluya Band, limene lidayamba kumeneko mu 1978, lidatulutsa oimba amene adasintha maimbidwe a dziko lonse chifukwa padapezeka malo oimbira ndi anthu omvera. Singano ya mayi wa kumudzi yokha ndiyo ikugwirabe ntchito mumdima.

Chionetsero chotere sichifuna thandizo la kunja. Holo ya sukulu kapena ya mpingo, zingwe zoyanikira zovala, ndi tsiku limodzi la mwezi wa Ogasiti n'zokwanira. Amayi a Mvano, a Chikatolika, a Chisilamu ndi a magulu a banki m'khonde amakumana kale sabata ndi sabata, kotero palibe chifukwa choyambitsira komiti yatsopano yodikira alawansi. Oweruza akhale atelala okalamba amene amadziwa kutembenuza nsalu ndi kuyang'ana msoko kumbuyo kwake, osati mlendo wolemekezeka wongotsika m'galimoto. Ndipo chionetsero chimaphunzitsa mosanyengerera. Wosoka mwaulesi akaona chofunda chake chokhota chitapachikidwa pafupi ndi cha mnzake chowongoka, safunanso mlangizi. Pakuti kunena zoona, si chigamba chilichonse chimene chili chokongola. Zilipo zosokedwa mwamphwayi, za misoko yotalikirana ngati mano a nkhalamba, zimene zimaphwasuka pakuchapa koyamba, ndipo zoterezi ndizo zidathandiza kuipitsa mbiri ya zinzake. Zidafika pamenepo chifukwa zidasokedwa mobisa, kopanda wozidzudzula.

Pali msampha umodzi umene uyenera kuonedwa zinthu zisanafike patali. Zigamba zikayamba kugulidwa, amayamba kufika ndi anthu apakati, ogula motchipa kumudzi ndi kugulitsa modula kutauni. Ku Gee's Bend komwe kuja, mu 2007, ena mwa amayi adakasuma kukhoti podandaula kuti sadapindule mokwanira ntchito zawo zitatchuka. Alimi a thonje a ku Balaka vuto lotere akulidziwa bwino, poti kulira ndi mitengo ya ogula si nyimbo yachilendo kwa iwo. Chikwama cha zigamba chimene chimagulitsidwa kwa alendo pamtengo wokwera m'sitolo ya mumzinda kawirikawiri sichinena kuti adachisoka ndani, m'mudzi mwa yani. N'chifukwa chake lamulo loyamba la chionetserocho likhale lakuti pakona ya chofunda chilichonse palembedwe, ndi ulusi osati ndi inki, dzina la wosoka, mudzi wake ndi chaka. Wosadziwa kulemba amulembere mdzukulu wake ndi choko, iye atsatire ndi singano. Chofunda chopanda dzina chisapachikidwe pachingwe.